Nthaka Imasunga, Koma Ili ndi Malire Ake

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine. Ambiri mumangondidziwa ndi ndemanga zanga pansi pa ndakatulo zanu, ndiye ndidzitchule pang'ono. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa matemba ndi mlamba wowamba pamsika wa Chiringa kuno ku Phalombe, kwa mfumu yaikulu Nazombe, pafupi ndi malire a Mozambique. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma kuwerenga sindinasiye. Makasitomala akachepa masana, ine ndimakhala pafoni. Lero ndikufuna ndikufotokozereni mbiri ya nthaka ziwiri: ina ili kutali kumpoto kwa dziko lapansi, ina ndi matope a nyanja yathu ya Chilwa, kumene ndimakapikula nsomba. Mundipirire, mudzaona pamene zikukumana.

Ndiyambe ndi za pamsika. Mnzanga wina amagulitsa mafirizi ndi zidutswa za nkhuku, ndipo ali ndi filiji kunyumba kwake. Chaka china magetsi anathima masiku atatu otsatizana. Tsiku loyamba anati palibe vuto, ayezi akadalipo. Tsiku lachiwiri madzi ofiira anayamba kudontha pansi. Tsiku lachitatu, abale anga, potsegula chitseko tonse tinathawa. Nkhuku zija zinaphedwa kalekale, koma sizinawole chifukwa kuzizira kunaziimitsa. Kuzizira kutachoka, kuwola kunapitiriza pamene kunalekezera. Musaiwale filiji imeneyi.

Tsopano tipite ku Russia, mumzinda wa Yakutsk, m'chigawo cha Siberia. M'chaka cha 1828 kunali wamalonda mnzathu dzina lake Fyodor Shergin. Iyeyu anafuna chitsime pakhomo pake, monga mmene aliyense wa ife angafunire. Anayamba kukumba, koma m'malo mwa madzi anapeza dothi lolimba ngati mwala, loundana ndi kuzizira. Anati mwina pansi pang'ono lisintha. Anakumba chaka ndi chaka, mpaka mu 1837 anasiya atafika mamita 116, dothi likadali loundana, madzi osawapeza. Tangoganizani, zaka 9 mukukumba chitsime chopanda madzi! Chitsimecho chinalephera, koma akatswiri anachikonda. Mu 1844 katswiri wina, Alexander von Middendorff, anayeza kuzizira kwa m'dzenjemo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya, amene ena mwa iwo ankakayika, anavomereza kuti kulidi nthaka imene siisungunuka ngakhale m'chilimwe.

Nthaka imeneyi pa Chingerezi amaitcha permafrost. Ife tingoti nthaka youndana. Kuti ipatsidwe dzina limeneli, iyenera kukhala youndana zaka ziwiri zotsatizana kapena kupitirira, koma yambiri yakhala choncho zaka masauzande ambirimbiri. Imapezeka ku Siberia, ku Alaska, ku Canada, ku Greenland ndi m'mapiri ataliatali. Dziko la Russia, pafupifupi magawo awiri mwa atatu ali pamwamba pa nthaka yotereyi, ndipo malo ena imazama kupitirira kilomita imodzi. M'chilimwe kagawo kapamwamba kokha ndi kamene kamafewa, udzu ndi timitengo n'kumera. Chisanu chikabwera kamaumanso.

Mufunsa kuti m'filiji yaikulu imeneyi muli chiyani. Anthu a kumeneko ankadziwa kale. Mu 1799 mlenje wina wa mtundu wa Evenki, dzina lake Ossip Shumachov, anaona chinthu chachikulu chikusuzumira m'gombe loundana pafupi ndi pamene mtsinje wa Lena umathirira m'nyanja. Anadikira zaka zingapo kuti gombe lisungunuke, ndipo chinthucho chinali njovu yaubweya yamakedzana, yotchedwa mammoth, mtundu umene unatha kalekale. Iye anadula minyanga n'kugulitsa. Katswiri Mikhail Adams atafika pamalopo mu 1806, anapeza agalu ndi zilombo zitadya nyama yambiri. Mwamva bwino: nyama ya chinyama chimene chinafa zaka masauzande ambiri zapitazo, galu n'kudya. Mafupa ake anawatengera ku St Petersburg.

Koma njovuzo n'zochepa poyerekeza ndi zina zimene zili m'menemo. Chochuluka ndi udzu, mizu, masamba ndi ndowe, zimene zinafa koma osawola. Chilichonse chomera chimakoka mpweya wa carbon dioxide mumlengalenga n'kumangira thupi lake. Chikafa n'kuwola, mpweya uja umabwerera kumwamba. Chikafa osawola, kaboni uja amatsekeredwa pansi. Akatswiri amati nthaka youndana ya kumpoto ikusunga kaboni wokwana matani pafupifupi 1,500 biliyoni, amene ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri kaboni yense amene ali mumlengalenga lero.

Apa ndiye pali nkhani. Carbon dioxide ndi mnzake methane ndi mipweya imene imagwira kutentha kwa dzuwa kuti kusabwerere kumwamba, ngati bulangete. Izi si zatsopano ayi. Mayi wina wa ku America, Eunice Foote, anaonetsa mu 1856 kuti botolo lodzaza carbon dioxide limatentha kwambiri padzuwa kuposa la mpweya wamba. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzatentha. Pamene Charles Keeling anayamba kuuyeza ku Hawaii mu 1958, unali pafupifupi magawo 315 pa miliyoni. Lero wadutsa 420, makamaka chifukwa cha malasha, mafuta ndi gasi zimene maiko olemera akhala akuwotcha. Ndiye kumpoto kuja kukutentha mofulumira kuposa kwina konse, pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse tikawerengera kuyambira 1979. Pa 20 June 2020, tauni ya Verkhoyansk ku Siberia, yodziwika ndi kuzizira koopsa, inafika madigiri 38. Kutentha kwa ku Nsanje mu October kumeneko, eti?

Magetsi a filiji ija akuthima. Nthaka ikasungunuka, tizilombo tosaoneka ndi maso timadzuka n'kuyamba kudya zomera zakale zija. Pamene pali pouma ndipo mpweya ukulowa, timatulutsa carbon dioxide. Pamene pali madzi ndi matope, timatulutsa methane, amene pa zaka 20 amagwira kutentha kuwirikiza pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide. Mipweyayo ikakwera, dziko limatentherako, nthaka ina imasungunukanso, mipweya inanso n'kutuluka. Mu December 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti zigwa zopanda mitengo za kumpoto kwenikweni, zimene kwa zaka masauzande zinkameza kaboni, tsopano zikutulutsa wochuluka kuposa amene zikumeza, tikaphatikiza ndi moto wolusa. Nkhokwe yayamba kudontha.

Mwina wina akuti, mayi inu, ifeyo ayezi timangomuona m'mafirizi, zikutikhudza bwanji? Tiyeni tibwere kwathu.

Amene munapitako ku Chilwa, kaya ku Swang'oma kuno ku Phalombe kaya ku Kachulu ku Zomba, mukudziwa zimene zimachitika msodzi akabaya mponda m'matope pakati pa njedza. Pamatuluka tithovu, phwi phwi phwi, ndi kafungo. Ine ndinkangoti ndi mmene matope amachitira. Koma mbali yaikulu ya tithovuto ndi methane yemwe uja. Ndipo munthu woyamba kuufufuza anachita chimodzimodzi: mu 1776 Alessandro Volta wa ku Italy anavundula matope ndi ndodo m'mabango a nyanja ya Maggiore, anasonkhanitsa tithovu m'botolo, n'kupeza kuti mpweyawo umayaka moto. Ku Alaska ndi ku Siberia, katswiri wina wamkazi, Katey Walter Anthony, anatchuka poboola ayezi wa panyanja n'kuyatsa mpweya wotulukawo, moto n'kulilima kupitirira msinkhu wa munthu.

Ndiye onani kufanana kwake. Kumpoto, chimene chimaletsa zomera zakufa kuwola ndi kuzizira. Kuno, chimene chimachedwetsa kuwolako ndi madzi. Njedza, mabango ndi udzu wa m'dambo zikafa zimamira, ndipo pansi pa madzi mpweya wabwino sufikako mokwanira, choncho zimawola pang'onopang'ono, zambiri n'kusanduka matope akuda aja. Dambo limapuma methane pang'ono, inde, koma limasunganso kaboni m'matope ake. Madzi akachoka, matope n'kung'ambika, mpweya umalowa m'ming'alu, kuwola kumathamanga, ndipo wina akaponyapo moto zimene zinasungidwa zaka zambiri zimakwera kumwamba tsiku limodzi. Dambo ndi filiji yathu, magetsi ake ndi madzi. Nkhokwe yathuyi ndi kakang'ono poyerekeza ndi ya ku Siberia, koma lamulo lake ndi limodzi. Mu Africa muno yaikulu ili ku Congo, kumene mu 2017 akatswiri analengeza kuti matope a m'nkhalango zonyowa akusunga kaboni wokwana matani pafupifupi 30 biliyoni.

Mbiri ya Chilwa ndi mbiri ya kudzaza ndi kuphwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Ndi yosazama, malo ambiri mamita awiri kapena atatu. David Livingstone ndi John Kirk anaiona mu April 1859, koma makolo a kuno anali akuphamo nsomba kalekale. Mu 1968 inaphwa, ndipo akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi mayi Margaret Kalk, anatsatira zonse, kuphwa kwake ndi kudzazanso kwake. Anaona kuti nsomba zinapulumukira m'mitsinje ndi m'maiwe a m'dambo, ndipo madzi atabwerera zinaswananso n'kudzaza nyanja. Buku lawo linatuluka mu 1979. Phunziro lake ndi loti nyanja imadzuka ngati dambo ndi mitsinje zili zamoyo.

Inaphwanso mu 1995. Ine ndinali ndi zaka zisanu, ndimangokumbukira kuti amayi, amenenso ankagulitsa nsomba, anasiya dengu la matemba n'kuyamba kugulitsa zigumu. Iwo amanena kuti anthu ankayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Mu 1997 Chilwa inakhala dambo loyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar. Koma mu 2012 madzi anatsikanso kwambiri, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma. Imeneyo ndiye ndinaiona ndi maso anga. Mabwato anali gone pamatope ong'ambika, zimbowera za asodzi zitakhala pansi. Kumene kunali madzi anthu anali akulima, ena akutentha njedza kuti atsegule minda, ena posaka mbewa ndi mbalame. Utsi unkaoneka patali. Sindikuwaweruza ayi, njala ilibe manyazi, ndipo inenso chaka chimenecho mpamba wanga unatha, ndinayamba kuoda usipa wochokera kutali pamtengo woti phindu lake linali losaoneka. Koma lero ndikudziwa kuti utsi uja sunali wa udzu wa chaka chimenecho chokha.

Kuphwa kwa Chilwa si kwachilendo, akuluakulu amatero ndipo mabuku amavomereza. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kuchokera 1968 kufika 1995 panadutsa zaka 27, koma kuchokera 2012 kufika 2018 panadutsa zaka 6 zokha. Ndipo mitengo ya m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje yatha, dothi la m'minda likukokolokera m'nyanja, nyanja ikunka ikwiririka.

Nkhani ya mitengoyi indikumbutsa dzenje lina ku Siberia komweko, lotchedwa Batagaika. M'zaka za m'ma 1960 anthu anadula nkhalango pamalopo. Mthunzi utachoka, dzuwa linafika pa nthaka youndana, inayamba kusungunuka ndi kutitimira. Lero ndi chidzenje chotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo chaka chilichonse chikukulirakulira. Palibe angachitseke. Ndipo si mpweya wokha umene nthakayo ikubweza. Mu 2016, kudera la Yamal kutatentha modabwitsa, kunabuka matenda a anthrax amene anali asanaonekeko kuyambira 1941. Ziweto zawo zotchedwa reindeer zoposa 2,000 zinafa, ndipo mnyamata wa zaka 12 anamwalira. Akatswiri ambiri anati tizilombo tinadzuka m'nthaka imene inasungunuka, pamene katemera wa ziweto anali atasiyidwa zaka zingapo m'mbuyomo.

Nditaona chithunzi cha Batagaika, mtima wanga unapita ku phiri la Michesi. Ife a ku Phalombe tikudziwa mmene nthaka imaonekera ikasiya kugwira. Pa 10 March 1991, nthawi imeneyo Phalombe ikadali pansi pa boma la Mulanje, mvula yamphamvu inagwa, phiri linang'ambika, madzi, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsika n'kukokolola midzi. Anthu mazanamazana anafa. Ine ndinali wakhanda kumsana. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga ananenera a ku Zomba mu 1946. Miyala ina imene inatsika tsiku limenelo ikadalipo m'minda mpaka lero, ndipo zipsera za paphiri tinakula tikuziona. Tinkaganiza kuti zoterezi zimachitika kamodzi pa moyo wa munthu.

Kenako kunabwera Idai mu March 2019, Ana mu January 2022, Gombe mu March chaka chomwecho, ndi Freddy mu March 2023. Freddy anayambira kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya India, ndipo anakhala masiku 36, namondwe wokhalitsa kuposa onse amene analembedwapo. Kwa Nkhulambe, oyandikana nafe, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Miyala ndi mchenga zinakwirira nyumba, minda ndi chipatala. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Misewu ndi milatho zitaduka, kuno tinakhala ngati pachilumba. Pali amayi ena amene ankabwera pabenchi panga tsiku lililonse la msika kudzagula matemba a ana awo. Chichokereni sabata imeneyo sindinawaonenso.

Ndisanamizire nthaka ya ku Siberia kuti ndiyo inagwetsa Michesi kapena kubweretsa Freddy. Anamondwe analipo kuyambira kale, ndipo gwero lalikulu la kutentha kwa dziko ndi mafuta ndi malasha. Koma pali zinthu ziwiri zodziwika. Choyamba, mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100 iliyonse, ndipo chimene chakwera chimatsika. Akatswiri a gulu la World Weather Attribution atafufuza anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunachulukitsa mvula yake. Chachiwiri, mlengalenga ulibe malire ngati a pa Muloza. Mpweya wotuluka m'matope a ku Siberia umasakanikirana ndi wina uliwonse n'kufunditsa dziko lonse, ife tomwe. Kusiyana kwake n'koti fakitale mukhoza kuitseka ndi lamulo, galimoto mukhoza kuizimitsa, koma nthaka ikayamba kusungunuka palibe nduna imene ingaiuze kuti siya. Njira yokhayo ndi kuchepetsa kutentha kusanafike patali.

Apa ndiye pamandiwawa. Africa yonse imatulutsa carbon dioxide wosakwana magawo 4 pa 100 a dziko lonse, ndipo gawo la Malawi ndi kadontho. Ine galimoto ndilibe, ndege sindinakwerepo. Koma amene akukwiriridwa ndi miyala ndi ife. Mu November 2022, pamsonkhano wa COP27 ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka pa zimene ataya ndi kuonongekeredwa chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Miyezi inayi yokha itadutsa, Freddy anafika. Ndiye tikamamva atsogoleri athu akupita ku misonkhano imeneyi, tisamangoti akukadya ndalama za ulendo. Tiziwafunsa kuti mwakanena chiyani, mwabwera ndi chiyani, ndipo chafika kwa Nkhulambe n'chiyani. Kumeneko si kupempha ayi, ndi kulondola ngongole.

Koma wamalonda aliyense amadziwa kuti pamene ukulondola ngongole kwa ena, usasiye benchi lako lopanda munthu. Filiji ya kumpoto sitingaifikire. Yathu tingathe. Njedza za ku Chilwa, dambo la kumudzi kwanu, kaya ndi ku Elephant Marsh, ku Vwaza, ku Bua kapena kadambo kopanda dzina kuseri kwa sukulu, zonsezi ndi nkhokwe. Zimasunga kaboni, zimasunga madzi a chilimwe, zimachepetsa ukali wa madzi osefukira, ndipo monga anaonera a Kalk ndi anzawo, ndi kumene nsomba zimabisala nyanja ikaphwa. Tikazitentha ndi kuzikumba ngalande mpaka ziume, tataya zinayi nthawi imodzi. Inenso ndili ndi mlandu wanga: mlamba umene ndimagulitsa amawambira nkhuni, ndipo nkhunizo zimachokera m'mapiri omwewa. Ndayamba kufunsa asodzi amene ndimaoda kwa iwo ngati amagwiritsa ntchito uvuni wosatha nkhuni, ndipo matemba oyanika padzuwa ndimawaika patsogolo. Ndi zochepa, ndikudziwa, koma ndi zimene zili m'manja mwanga.

Freddy atadutsa, Chilwa inadzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'midzi ya m'mbali. Matemba anabwerera pamsika. Makasitomala ena amati, mwaona, nyanja siifa. Ine ndimangoyankha kuti inde, bola dambo likhalepo.

Ndisiyire pomwepa, dzuwa lapendeka ndipo ndiyenera kulongedza. Pempho langa kwa inu alembi anzanga ndi ili: pitani kwa agogo anu, afunseni za dambo la kwanu, linkafika pati, munkapezeka chiyani, linayamba kuuma chaka chiti. Lembani zaka ndi maina a malo, musangoti kalekale. Shergin anakumba chitsime chopanda madzi, koma chifukwa choti wina anayeza n'kulemba, lero tikudziwa mmene nthaka ija inalili zaka pafupifupi 200 zapitazo. Zathuzi akalemba ndani tikapanda ife? Ndidikira m'ndemanga, makamaka inu a ku Machinga ndi ku Zomba amene 1995 munaiona muli akuluakulu.